Ndigule besi gitala yotani poyambiranso kuimba?

Atate a Chisomo, Chilenje:
Ndinasiya kuimba besi mu 2012, ndipo gitala yanga ndinaigulitsa kuti tilipire lendi. Tsopano kwaya ya kutchalitchi kwathu ikusowa woimba besi, choncho ndikufuna kuyambiranso ngakhale m'thumba muli mopepuka. Kodi ndigule yamtundu wanji?

Mkulu wa Kalindula, Matero:
Achimwene, musavutike ndi ya mawaya 5, chifukwa ya mawaya 4 imakwanira nyimbo za kwaya ndi kalindula yemwe. Yamaha TRBX174, Ibanez GSR200 ndi Squier, yomwe ndi ya kampani ya Fender, zonse n'zolimba ndipo mitengo yake siiwawa kwambiri. Mungodziwa kuti GSR200 imafuna batire la 9V. Langa linatha pakati pa mapemphero a Lamlungu, ndipo manyazi a tsikulo sindidzawaiwala.

Amake Taonga, Kabwata:
Ine ndinganene kuti mugule yogwiritsidwapo kale ntchito, koma musapereke ndalama musanaiyese. Muiyang'ane khosi lake kuchokera kumutu ngati mmene kalipentala amayang'anira thabwa. Likakhota pang'ono amaliwongola ndi truss rod (chitsulo cha m'kati mwa khosilo), koma likapotoka muisiye ngakhale wogulitsa akunyengerereni chotani. Muilumikize ku amplifaya, mugwedeze chingwe polowera pake kuti mumve ngati ikuthetheka, kenako mudinde fret iliyonse (tizitsulo topingasa pakhosi paja). Ngati zala zinauma, besi ya mawaya otalika mainchesi 30 imafewa kuposa ya mainchesi 34.

Atate a Chisomo, Chilenje:
Zikomo kwambiri nonse. Loweruka ndikaona Squier ina ku Kamwala, ndipo ndinyamula chingwe changa.