Masipuni a siliva a ku France: anasulidwa liti?

Moni nonse akuluakulu. Ndagula masipuni ndi mafoloko pamsika wa zinthu zakale ku Lyon, mzinda wa ku France, koma chaka chake chandiimitsa mutu. M'kati mwa sipuni, pafupi ndi chogwirira, muli kachidindo ka mutu wa Minerve, mulungu wamkazi wa Aroma, atavala chisoti, nambala 1 ili pachipumi. Ndiye kuti ndi siliva wa 950 (magawo 950 mwa 1000 ndi siliva weniweni), wa pakati pa 1838 ndi 1973, koma zaka zimenezi n'zambiri zedi. Chidindo cha wosula, chooneka ngati daimondi, chatsala ndi chilembo B chokha.

Ndapukuta ndi kansalu, ndayang'ana ndi galasi lokulitsa, ndafufuza pa intaneti, osaphula kanthu. Wogulitsayo anangoti n'zakale basi.

Kuseri kwa sipuni, kumbuyo kwa chidindo cha Minerve, kuli timizere tonga tizilombo. Kodi timeneti tingasonyeze chaka? Nanga wosulayu ndingamudziwe bwanji? Chonde ndithandizeni.