Ndisiye sipanala ndikakhale mu ofesi?

Makaniko, Biwi, Lilongwe:
Akuluakulu anga, ndikupempha nzeru. Ndili ndi satifiketi ya umakaniko ya Grade 2 ndipo ndimagwira ntchito pa galaja ya munthu wina, pomwe ndimalandira malinga ndi galimoto zomwe zabwera. Kampani ina ya mathiraki yandiitana kuti ndizikalemba za mafuta, matayala ndi masiku a sevisi mu ofesi, pa malipiro a pamwezi. Makolo akuti ndivomere msanga, koma mtima wanga uli pa zamagetsi a galimoto, zomwe ndangoyamba kuzidziwa.

Mwini galaja, Ndirande:
Achimwene, musanayankhe afunseni kaye ngati akupatsani kontirakiti yolembedwa ndiponso ngati akulowetsani mu penshoni. Lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro anu, inuyo 5 peresenti, ndipo ambirife amene timakonzera galimoto pansi pa mtengo tilibe chimenechi. Kumbukiraninso Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama za anthu zathera ku feteleza ndi fizi, galaja n'kungoti zii.

Mphunzitsi wa umakaniko, Mzuzu:
Bambo a ku Ndirande anena zoona, koma zamagetsizo musazipeputse. Galimoto zambiri zochokera ku Japan, zomwe zikutsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, monga Toyota Aqua ndi Honda Fit ya hybrid (zoyendera mafuta ndi magetsi), sizikonzedwa ndi khutu lokha ayi. Munthu amene amalumikiza makina a OBD2 (ofufuzira vuto pa kompyuta ya galimoto) kunsi kwa chiwongolero, n'kuwerenga vuto, kenako n'kuyeza mawaya asanatume mwini galimoto kukagula sensa, amasowa, chifukwa ambiri amangosintha zipangizo mongoganizira mpaka kasitomala atatopa. Amene amadziwa kuti mawaya a mtundu wa olenji pa hybrid sagwiridwa chisawawa ndi ochepa kwambiri. Mukakhala nthawi yaitali osagwira zimenezi, mudzapeza anzanu atakusiyani kutali.

Woyang'anira galimoto za kampani, Limbe:
Inenso ndinachokera mu ovolosi, choncho ndinene zomwe ndikuziona. Kampaniyo sikufuna kalaliki wamba, ikufuna munthu woti dalaivala akanena kuti kilachi yatha, kapena galaja ikalemba mtengo wa chipangizo chatsopano itaika chakale, athe kutsegula boneti n'kutsimikiza yekha. Pamenepo ndiye pali mphamvu yanu pokambirana nawo. Pemphani kuti kontirakiti inene kuti muziyendera mathiraki musanasayine sevisi iliyonse, musamagwire ntchito Loweruka, komanso akuloleni kukalemba mayeso a Grade 1, omwe ndi apamwamba pa Grade 2. Akakana zonsezi, dziwani kuti akungofuna wowerenga malisiti.

Makaniko, Biwi, Lilongwe:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Lolemba ndikawafotokozera mfundo zitatuzi, ndipo ndikafunsanso za penshoni. Abwana anga a pa galaja avomera kale kuti galimoto za vuto la magetsi azindisungira Loweruka. Aphunzitsi a ku Mzuzu, chonde mundiuze mtundu wa makina a OBD2 oyenera kuyambira, poti omwe ndimagwiritsa ntchito ndi a abwanawo.