Za nyimbo za mwana wanga wa Sitandade 1, ndabwera ndi yankho

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'zachilendo kuti mwana wa zaka 6 azibwera kusukulu ndi nyimbo zokhazokha, kope lili mbee. Ambiri munati ndikaonane ndi aphunzitsi. Ndinapita Lachiwiri, ndipo anandilola kukhala kumbuyo kwa kalasi.

Abale, manyazi anandigwira. Nyimbo imene ndinkaiona ngati phokoso ija ndi ya Chichewa: ana amaomba m'manja pa phatikizo lililonse, a-na, a-ma-ma, kenako n'kulemba lembolo m'malere ndi pamchenga asanagwire pensulo. N'chifukwa chake kope silikudzadza. Aphunzitsi anati kuyambira pa maliwu chonchi kunabwera ndi National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, mu 2016.

Pa masamu anatulutsa zitsekero za mabotolo ndi timiyala, kuwerenga, kuphatikiza, kuchotsera. (Nanga ine ndinkamukalipira kuti akutolera zinyalala m'thumba!) Chingerezi n'chapakamwa kwambiri, moni ndi mayina a zinthu.

Chimene sichinandisangalatse ndi kuchuluka kwa ana, moti akumbuyo ambiri amangotsatira pakamwa pa anzawo. Ndiye madzulo tayamba kuwerengera limodzi nyemba tisanaziphike. Dzulo anandiwerengera "mama" papepala yekha.