Tabwerako ku Mauritius, za ana zija zinatheka

Abale anga a kuno ku Johannesburg, paja ndinafunsa zoti tinyamule mapepala anji a ana popita ku Mauritius, komanso ngati akakwanitse kudya zakumeneko. Tabwerako bwino.

Amene munandilangiza kuti titenge zikalata zakubadwa za ana, Mulungu akudalitseni. Ku bwalo la ndege la OR Tambo tinazionetsa pamodzi ndi mapasipoti, tinadutsa osavutika. Ndege imatenga pafupifupi maola 4, ndipo kumeneko nthawi ili patsogolo ndi maola 2, choncho ana ankadzuka mochedwa masiku oyamba.

Za chakudya ndinkada nkhawa pachabe. Pamsika waukulu wa ku Port Louis, likulu la dzikolo, tinagula dholl puri, kachapati kofewa komwe amakulungamo ndiwo za nyemba. Wamng'ono uja, amene kunyumba amakana chilichonse chosakhala nsima, anadya mpaka msuzi kuyenderera m'chigongono. Muziwauza msanga ogulitsa kuti asaike tsabola, amaika wambiri.

Ndalama yawo ndi rupee, ndipo m'misika muzikhala nazo zapamanja. Galimoto amayendetsa kumanzere ngati kuno, moti bambo a kunyumba sanavutike. Mayi amene munati mukufuna kupita mu Januwale, dziwani kuti imeneyo ndi nyengo ya namondwe.