Zidole zafika, nanga wotsogolera simulation (kuphunzira poyeserera pa zidole) timupeza kuti?

Sisita_Mufakose:
Akuluakulu, pasukulu ina ya anamwino muno mu Harare pafika MamaNatalie (chidole cha mimba chimene munthu amavala poyeserera uchembere) ndi NeoNatalie (chidole cha khanda), koma aphunzitsi akungoima pambali pa chidole n'kumalongosola, ophunzira manja ali m'thumba. Tiyambire pati kuti pakhale munthu wodziwadi kutsogolera ntchitoyi, wotha kusula anzake?

Mzamba_Highfield:
Asisi, yambani ndi nkhani imodzi yokha: mayi wotaya magazi atangobereka. Zolinga zisapitirire zitatu: kuzindikira kuti magazi adutsa 500 ml, kusisita chiberekero n'kubaya oxytocin (mankhwala olimbitsa chiberekero) wa mlingo wa 10 IU, ndi kuitana thandizo. Musanayambe tengani mphindi 5 kuwauza ophunzira zimene chidole chimatha ndi zimene sichitha, komanso kuti cholakwa chawo sichituluka m'chipindamo. Sewero mphindi 10, kukambirana mphindi 20.

Amene wavala MamaNatalie asatsogolerenso zokambirana. Dzanja lake lili pa chiberekero ndi pa kampopi ka magazi, saona zonse. Thanki ya magazi ya chidolecho imalowa malita 1.5, ndiye asaitsegule yonse kamodzi. Magazi otuluka pang'onopang'ono n'kumalowa m'chitenje ndiwo amanyenga maso, ndipo ndi amenewo ophunzira ayenera kuzolowera.

Abambo_Phiri_Mbare:
Zoona amayi. Koma pamene zimawonongekera kwenikweni ndi pokambirana. Mphunzitsi amayamba ndi kuwerenga zolakwa, ophunzira n'kutseka pakamwa. Njira yotsogolera zokambirana yotchedwa PEARLS, imene Eppich ndi Cheng analemba mu 2015, imayamba ndi mmene ophunzira akumvera, kenako chimene chachitika, ndiyeno chifukwa chake. Funsani chonchi: "Ndaona kuti padutsa mphindi 3 musanaitane sisita wamkulu, magazi akutulukabe, ndipo zandidetsa nkhawa. Mumaganiza chiyani nthawi imeneyo?" Mukatero khalani chete, ngakhale kuti zimavuta. Kawirikawiri ophunzira amadziwa zoyenera, koma amaopa kudzudzulidwa poitana wamkulu. Mantha amenewo simungawachotse pobwereza mlingo wa oxytocin.

Mzamba_Highfield:
Za kusula wotsogolera: aonerere kawiri, atsogolere ndi mnzake kawiri, kenako yekha wina akumujambula pafoni. Akaonere kanemayo n'kuwerenga mphindi zimene walankhula iye. Zikaposa za ophunzira, sanafikepo. Awerengenso miyezo ya 2021 ya INACSL, bungwe la anamwino la dziko lonse loona za simulation, ili pa intaneti. Mumupatsenso nthawi yake pa ndandanda, chifukwa ntchito yongowonjezera pamwamba pa ina imazilala.

NeoNatalie safuna magetsi, mumangothira madzi ofunda malita 2. Aziyeserera mwachidule sabata iliyonse, mwana athandizidwe kupuma mkati mwa mphindi yoyamba atabadwa, mpweya ka 40 pa mphindi. Mukamaliza khuthulani madzi n'kumuumitsa, apo ayi achita nkhungu mkati.