Thandizeni: kanyama ka m'nyanja yamchere aka ndi starfish kapena brittle star?

Moni nonse a pagulu. Admin pepani, langa si funso la malonda kapena nyumba ya lendi monga tazolowera muno, koma ndikudziwa kuti a sayansi mulimo.

Ndimaphunzitsa biology pa sekondale ina yoyendera kuno ku Lilongwe, ndipo tili pa mutu woika zamoyo m'magulu. Mtsikana wina wabwera ndi kanyama kouma m'kabotolo ka mayonesi, akuti amalume ake amayendetsa thiraki ya ku Nacala ndipo anakatola m'mbali mwa nyanja. Pakati pali kathupi kozungulira ngati ndalama yachitsulo ya K10, ndiye miyendo isanu yowonda kwambiri yatulukira pamenepo, m'mbali mwake muli timinga tokhatokha. Mwendo umodzi unaduka kale. Ana onse akuti ndi starfish, koma ine ndikukayika, chifukwa ya m'buku lathu miyendo yake ndi yonenepa ndipo sipaoneka malire pakati pa mwendo ndi thupi.

Zinthu zafika povuta pamene mnyamata wina wandionetsa pa foni kanyama kotchedwa Ophiojura exbodi, ka miyendo 8, akuti nako ndi brittle star. Ife m'kalasi timati gulu la Echinodermata, momwe muli starfish ndi brittle star, limadziwika ndi mbali zisanu. Ndiwayankhe chiyani anawa Lolemba? Komanso kanyamaka ndikasunge bwanji kuti kasaphwanyike?

Bambo wa ku Kawale: Madamu, musavutike, zimenezo zadzaza ku Senga Bay. Pitani ndi anawo akazione zamoyo.

Wophunzira wa ku Bunda: Ayi akuluakulu, ku Senga Bay simungakapeze. Gulu lonse la Echinodermata limakhala m'madzi amchere okhaokha, ndiye m'nyanja yathu ya Malawi mulibe ngakhale kamodzi. Mwina munaona nkhanu. Za ku Nacala zija ndiye zikumveka, chifukwa kumeneko ndi Indian Ocean.

Aphunzitsi, mmene mwafotokozeramu ndi brittle star, class Ophiuroidea, imene ili ndi mitundu yoposa 2,000. Starfish ili mu class Asteroidea. Kuti ana akhulupirire ndi maso awo, katembenuzeni chagada. Starfish imakhala ndi ngalande yotseguka kunsi kwa mwendo uliwonse, kuchokera kukamwa mpaka kunsonga, momwe mumatulukira timapazi take. Brittle star ilibe ngalandeyo, kunsi kwa mwendo kwakutidwa ndi timamba tolimba tondondozana. Pakati mudzaona kamwa la nsagwada zisanu. Pamsana musafunepo potulukira zonyansa, palibe. Zotsala za chakudya zimabwerera kukamwa komweko.

Mayi wa ku Area 49: Ine funso langa ndi limodzi, kodi ndi ndiwo? Ndi mitengo ya usipa ya masiku anoyi tisamangotaya zinthu.

Wophunzira wa ku Bunda: Mayi, mudzangotafuna laimu. Mwendo wonse ndi timafupa tolumikizana, mnofu wake ndi wochepa zedi. Mimba ili m'kathupi kapakati kaja basi, siifika m'miyendo, pomwe ziwalo zogayira chakudya za starfish zimafika m'miyendo. N'chifukwa chake kakagwidwa ndi nsomba kamangodula mwendo dala n'kuthawa, kenako wina umamera. Mwina ndi zimene zinachitikira mwendo wodukawo, kapena unathyokera m'thiraki.

Wolemba funso: Zikomo achimwene, ndatembenuza ndipo ngalande palibedi. Nanga za miyendo 8 zija?

Mphunzitsi wopuma wa ku Likuni: Mwana wanga, mnyamata wakoyo umuyamikire, wafunsa funso la munthu woganiza. Kuwerenga miyendo ndi poyambira chabe, si pamene akatswiri amagamulira mlandu. Pali brittle star yotchedwa Ophiactis savignyi, yofala m'nyanja zotentha, imene nthawi zambiri imakhala ndi miyendo 6 ndipo imachulukana pong'ambika pakati. Pali ma basket star, a class yomweyi, amene miyendo yake imachita nthambi mpaka kusawerengeka. Kumbali ya starfish nako, crown-of-thorns imapitirira miyendo 10. Zonsezi palibe anazichotsa m'gulu.

Ophiojura exbodi inakodwa m'khoka mu 2011 pa phiri la pansi pa nyanja lotchedwa Banc Durand, kufupi ndi New Caledonia, pa mamita pafupifupi 500 kuya kwake. Ulendo wa kafukufukuwo unali wa akatswiri a ku France ndipo unkatchedwa EXBODI. Kanyamako kanasungidwa ku Paris, ndipo anadzakalongosola mu 2021 ndi Tim O'Hara wa ku Museums Victoria ku Australia, pamodzi ndi Ben Thuy ndi Andrew Hugall. Taona kutalika kwa nthawiyo, zaka 10 chigwidwire. Ntchito imeneyi siya phuma.

Chimene akatswiriwo anayang'ana ndi ichi. Miyendo yake, yotalika pafupifupi masentimita 10, ili ndi timafupa ndi timamba tofanana ndi ta brittle star zina, kuphatikizapo mizere ya timinga ndi timbedza. Nsagwada zili 8, iliyonse ndi mano akuthwa ondondozana. Anajambula timamba ta m'mbali mwa mwendo ndi makina a micro-CT, ounika tinthu ting'onoting'ono ndi X-ray, chifukwa mabowo ndi timfundo pamene minga imakhazikika zimasiyana banja ndi banja. Timambato tinafanana ndi ta zamoyo zamakedzana totsalira m'miyala ya nthawi ya Jurassic, nyengo ya ma dinosaur, yopezeka kumpoto kwa France. DNA nayo inaonetsa kuti mzere wake unapatukana ndi abale ake apafupi zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo. Pamenepo anaona kuti sikakukwana m'banja lililonse lodziwika, ndiye sanangopereka dzina la species ndi genus, anatsegula banja (family) latsopano, Ophiojuridae.

Kwa ine nkhaniyi ndi yabwino kuposa chitsanzo chilichonse cha m'buku. Ulembe pa bolodi: Animalia, Echinodermata, Ophiuroidea, Ophiojuridae, Ophiojura, exbodi. Kenako uwafunse kuti kanyama ka ku Nacala kakusiyana ndi aka pa sitepe iti. Mpaka pa class ali limodzi. Koma pa mayeso a MANEB akafunsidwa chizindikiro cha Echinodermata, alembe za mbali zisanu zomwezo, asakapange mtsutso ndi wochonga.

Bambo wa ku Kawale: Chabwino ndagonja, zinali nkhanu.

Wogwira ntchito mu labu, Area 18: Pa kasungidwe, poti kauma kale musakanyowetsenso. Kagonekeni pa thonje m'kabokosi kotsekeka bwino, kutali ndi chinyezi ndi nyerere, ndipo ana aziona osagwira. Mulembe kapepala ndi pensulo: malo, mwezi ndi chaka chimene kanatoledwa. Popanda kapepalako n'kokongoletsera chabe. Amalumewo akadzapezanso kakufa kumene, akaike mu ethanol wa 70%. Vinega kapena chilichonse cha asidi ayi, chimasungunula timafupato.

Mwendo wodukawo musataye. Dulani kachidutswa, muike m'kambale ndi Jik wothira madzi, mnofu udzasungunuka n'kutsala timafupa toyera. Mutsukuluze ndi madzi, muumitse, ana aone ndi lenzi. Adzaona okha mmene timafupato timalowerana, chimene chimachititsa kuti mwendo uzipindika uku ndi uku.

Wolemba funso: Mwandithandiza kwambiri nonsenu. Lenzi tili nazo ziwiri zokha ndipo ana alipo ochuluka, ndiye ndiwagawa m'magulu. A ku Area 18, Jik ndi madzi ndisakanize mulingo wanji, ndipo kachidutswako kakhalemo nthawi yaitali bwanji?

Wogwira ntchito mu labu, Area 18: Theka ndi theka zikwana. Muziyang'anira, mukangoona timafupa tayamba kulekana chotsani, mukachedwa timafumbutuka. Valani magolovesi ndipo mazenera akhale otsegula.