Ma Ace awiri andidyetsa $60, ndinalakwitsa pati?

WakuMufakose:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Funso langa mwina ndi lachibwana koma landisowetsa tulo. Loweruka lililonse timakumana kunyumba kwa mnzathu wina ku Mabvuku, ku Harare, kusewera poker ya no-limit (yomwe umatha kubetcha zonse zomwe uli nazo pa tebulo), timakhalapo anthu 9, ma blind (ndalama zomwe anthu awiri amakakamizidwa kuika makhadi asanagawidwe) ndi 50c/$1, aliyense amalowa ndi $60. Ndiye sabata yathayi magetsi anali atapita, tikusewera pa kanyali ka sola, kusuzumira makhadi anga chonchi ndangoona ma Ace awiri, mtima kugunda ngati ng'oma. Ndinali woyamba kulankhula, ndiye ndinati ndikapanga raise (kukweza ndalama yobetcha) anthuwa athawa ndingotola $1.50 ya ma blind basi, bola ndibisale. Ndinangoponya dola imodzi ngati munthu wopanda kanthu. Palibe anakweza, anthu asanu analowa. Flop (makhadi atatu oyamba a pa tebulo, omwe aliyense amagwiritsa ntchito) inabwera 9, 7, 5, ndinabetcha $5, alamu anga anakweza kufika $18, ine osaganiza kawiri all-in, kuponya zonse. Kutembenuza ali ndi 7-5, kuphatikiza ndi 7 ndi 5 wa pa tebulo ndi ma pair awiri, kuposa pair yanga imodzi. Turn (khadi lachinayi) 2, river (lachisanu) J, zonse zapita, ya kombi (minibasi) ziwiri zobwerera ku Mufakose anachita kundipatsa alamu omwewo uku akuseka. Ndiye ndi tsoka chabe kapena ndine ndinaphonya? Nanga KK, QQ ndi JJ (ma King, ma Queen kapena ma Jack awiri) mumasewera bwanji flop isanatuluke?

Mdala_wa_Mbare:
Achimwene pepani koma ndalamayo munapereka nokha pomwe munaponya dola imodzi ija, za pa flop zinangomalizitsa. AA (ma Ace awiri) ikakumana ndi munthu mmodzi wa makhadi alionse imawina pafupifupi 85 pa 100. Akakhala anayi yatsika kufika cha m'ma 56, akakhala asanu ngati mmene zinalili kwa inumo ili pa 49, theka silikukwana nkomwe. Ndiye mwatenga makhadi abwino kuposa onse mu paketi yonse ya 52, inu nomwe mwaitana mudzi wonse kuti udzakumenyeni pa mtengo wa dola.

Alamu anuwo ndi 7-5 akanalowa pa $6? Mwina inde, anthu a masewera akunyumba ndimawadziwa, koma akatero ndiye zabwino kwa inu chifukwa akulipira zambiri ali kumbuyo. Pa intaneti anthu amakweza ka 2.5 kapena katatu pa big blind (blind yaikulu, kwa inu $1 ija), koma tebulo la anthu osamva ngati lanulo ine ndimayambira $5 kapena $6, ndipo ngati ena alowa kale ndi dola dola ndimaonjezera dola imodzi pa munthu aliyense. Cholinga mutsale ndi mmodzi kapena awiri, pot (ndalama zonse zomwe zaikidwa pakati) ikhale yonenepa. Onse akathawa tolani $1.50 yanuyo, sizowawa ngati kupempha ya kombi kwa mlamu.

Ndikumvetsa chomwe chimapangitsa. AA imabwera kamodzi pa maulendo 221, usiku wonse utha kudutsa osaiona, ndiye ikabwera munthu umafuna ikulipire lendi ya mwezi.

Kaligondo77:
kkkk mdala mwamulasa mnyamatayu. Koma ine sindikuvomereza kuti kubisala ndi kolakwika nthawi zonse. Kwathu ku Highfield kuli mkulu wina amapanga raise pafupifupi ulendo uliwonse maka akamwa ziwiri zitatu, akakhala kumanzere kwanga ndimalowa mwakachetechete ndi AA, iye akweza $7, ena awiri atsatira, ikafika kwa ine ndimaimenya $30. Zimagwira. Vuto la aise uyu anatchera msampha pomwe sipadutsa mbewa, tebulo lake ndi la anthu ongopanga call (kungofananitsa zomwe wina waika, osakweza). Komanso ukapanga kawiri anthu amadziwa, ukangolowa mwaulemu kenako nkukweza aliyense amati awo ndi ma Ace basi, amataya.

Mai_a_Tebulo:
Abambo inu mwaiwala gawo lachiwiri la funso. KK sewerani ngati AA, wina akakweza inu kwezaninso, katatu pa zomwe waika ngati mukhale omaliza kulankhula pa flop, kanayi ngati muzilankhula poyamba. Pa tebulo la anthu 9 mwayi woti wina ali ndi AA inu muli ndi KK ndi pafupifupi 4 pa 100, ndiye ndi $60 yokha kutsogolo kwanu ine sinditaya. Mukakumana nayo mwayi wanu wowina ndi 18 pa 100, mungovomereza. Chomwe chimapweteka anthu ndi Ace wa pa flop, amabwera pafupifupi 23 pa 100, ndipo anthu akakhala anayi mu pot kawirikawiri wina amakhala naye, pamenepo ma King aja ndi mapepala chabe koma munthu umawakakamira ngati mwana wobala wekha.

QQ ndi JJ ndi nkhani ina. Ndi QQ khadi lokuposani limatuluka pa flop 41 pa 100, ndi JJ ndiye 57, kuposa theka, nchifukwa chake anthu amadana ndi ma Jack. Raise pangani ndithu, koma munthu wofatsa amene wakhala ola lonse osasewera akakweza pamwamba pa raise yanu, JJ tayani osamva chisoni, QQ ganizani kaye. Akakhala ndi AK (Ace ndi King) muli patsogolo pang'ono chabe, cha m'ma 54 mpaka 57 pa 100, akakhala ndi AA kapena KK mwamira.

China, musamasinthe saizi. Pali ankolo ena timasewera nawo, akakhala ndi AA amakweza $4 kuti tilowe, akakhala ndi JJ $10 chifukwa cha mantha, tonse tinazindikira kalekale koma palibe amawauza.

WakuMufakose:
Eish mayi, za saizizo ndiye ine ndendende, JJ ndimaimenya $8 dzanja likunjenjemera. Mdala zikomo, zawawa koma ndamva. Nanga pa flop paja alamu atakweza $18 ndikanataya?

Mdala_wa_Mbare:
Pot ya anthu 6 yomwe munthu aliyense analowa ndi dola, flop 9-7-5, mmenemo muli 8-6, muli 7-5, muli 55 ndi 77 (ma 5 awiri kapena ma 7 awiri), zonsezi zimaposa AA pa flop imeneyi, ndipo zonse munazilola nokha. Alamu anuwo amakweza opanda kanthu? Ngati ayi, pair imodzi ndi imodzi basi ngakhale ikhale ya ma Ace, ndikanataya. Loweruka lino yambani ndi $6 ndipo ya kombi muzisiya m'thumba lina.